Chuku chobisika m'nyumba: sakani komwe madzi akuchokera

Chipinda chikamanunkha chinyontho koma makoma akuoneka oyera, dziwani kuti mwina chuku chamera pomwe maso safika: pamwamba pa siling'i, kuseri kwa kabati yotsamira khoma lakunja, pansi pa sinki, kapena kunsi kwa kapeti. Timbewu take ndi tating'ono kwambiri moti timauluka ndi mpweya, kudutsa m'ming'alu mpaka m'mapapo. Okhalamo amayetsemula, kutsokomola usiku, maso kuyabwa, ndipo odwala mphumu amabanika pafupipafupi. Kwa amene chitetezo cha m'thupi chidatsika, mtundu wa chuku wotchedwa Aspergillus umatha kukhazikika m'mapapo. Ngati chifuwa chimaleka munthu akachoka panyumba n'kuyambiranso akabwerera, nyumbayo ifufuzidwe.

Chuku sichimera pouma. Thabwa kapena bolodi likanyowa osaumitsidwa mkati mwa maola 24 mpaka 48, chimayamba. Choncho ntchito yeniyeni ndi kupeza madzi. Kwerani kudenga ndi tochi, muone pomwe misomali idaboola malata. Kumbukiraninso kuti malata amachita thukuta kunsi usiku kukazizira, n'kumadontheza pa siling'i ngakhale mvula isanagwe. Pa khoma lokayikitsa matanipo pulasitiki ya masentimita 45 mbali zonse, mutseke m'mphepete ndi tepi, mudikire tsiku lathunthu. Madontho akakhala kumbali yoyang'ana khoma, madzi akutuluka m'khoma, mwina paipi ikuchucha kapena akukwera kuchokera ku maziko. Akakhala kumbali yoyang'ana m'chipinda, vuto ndi nthunzi ya m'chipinda, ndipo mankhwala ake ndi kutsegula mawindo, kusayanika zovala m'nyumba ndi kusunga chinyezi cha mumpweya pansi pa 60 peresenti. Kabati italikirane ndi khoma masentimita 5 mpaka 10.

Mukatseka gwero la madzi ndiye mutsuke. Malo osapitirira sikweya mita imodzi mutha kugwira nokha mutavala masiki yosefa mpweya ya mtundu wa N95, magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Musapale pouma, mungangomwaza timbewu. Simenti ndi matailosi tsukani ndi sopo ndi madzi, muumitse bwinobwino. Mukafuna klorini wamadzi woyeretsera zovala, kapu imodzi m'malita 4 a madzi ndi yokwana, mawindo ali otsegula, ndipo musasakanize ndi mankhwala okhala ndi amoniya chifukwa mpweya wake ndi wakupha. Bolodi la siling'i, kapeti ndi matiresi zomwe chuku chalowerera, tayani. Kupaka penti pamwamba n'kutaya ndalama: imatukumuka n'kusendeka, chuku chikadali kunsi. Malo akakula kuposa pamenepa, itanani amisiri.