Momwe mungagulire firiji yotheka kutembenuza chitseko

Mafiriji ambiri amachoka ku fakitale mahinjesi ali kudzanja lamanja, chitseko n'kumatsegukira komweko. Koma a ku fakitale khitchini yanu sakuidziwa. Ngati pakona pomwe mwasungira firiji khoma lili kumanja, chitseko chizikagunda khoma chisanatseguke mokwanira, ndipo dilowa ya pansi yosungiramo tomato ndi kabichi sizituluka pokhapokha mutayamba mwakoka firiji yonse. Mankhwala ake ndi firiji yomwe mahinjesi ake amatheka kusamutsidwira mbali ina. Aphunzitsi, anamwino ndi ena okhala m'nyumba za lendi, amene chaka chino ali ku Ulongwe chaka chamawa awatumiza ku Furancungo kapena ku Tsangano, ine ndimati asagule mtundu wina ayi.

Yambirani kunyumba, tepi ili m'manja. Yezani malo m'lifupi ndi m'litali, yezaninso khomo lomwe firiji idzalowere. Kenako imani pomwe mumaima mukamaphika n'kutambasula dzanja ngati mukutenga mkaka. Mahinjesi ayenera kukhala mbali yakutali ndi inu, kuti chitseko chikatseguka chisakhale pakati pa inu ndi chakudya. Kumbuyo ndi m'mbali musiye mpata wopita mpweya, chifukwa firiji imatulutsira kutentha kumeneko.

Mukafika m'sitolo, musangomva zoti "inde bwana, chimatembenuka". Wogulitsa akufuna katundu atuluke. Kwerani ndi maso pamwamba pa firiji, mbali yomwe kulibe hinjesi. Firiji yotembenuzika imakhala ndi timabowo totsekedwa ndi tizivindikiro tapulasitiki, pamwamba, pakati pa zitseko ziwiri, ngakhalenso pamutu pa chitseko chenichenicho. Pakakhala posalala popanda bowo, nkhani yathera pomwepo. Pemphani kabuku ka malangizo, muone ngati muli zithunzi za kasinthidwe ka chitseko. Apa m'pamene ambiri amapusira: mafiriji ena amafuna hinjesi ina yakeyake ya kumanzere, kapena kachitsulo koimitsa chitseko, ndipo tizipangizo timeneti timabwera m'kathumba kapulasitiki mkati mwa firiji. Firiji yomwe yakhalitsa pachionetsero, kathumbako kamakhala kuti kanasowa kalekale. Nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, tatsegulani tione kathumba ka masikuluwu," ndipo ndalama musatulutse musanakaone.

Mafiriji a zitseko ziwiri zoyang'anana, china kumanja china kumanzere, satembenuzika. Okhala ndi kampopi ka madzi kapena manambala owala pachitseko, ena amatheka ena ayi, chifukwa mawaya amadutsa pahinjesi. Chogwirira nachonso chioneni. Chabwino ndi chija chokumbidwa m'mphepete mwa chitseko, chomwe dzanja limagwira mbali zonse ziwiri.

Muli momwemo, werengani kachikwangwani komatidwa mkati mwa firiji kapena kumbuyo kwake. Pamakhala zilembo zosonyeza nyengo yomwe firiji inapangidwira. N imapirira kutentha mpaka madigiri 32, ST mpaka 38, T mpaka 43. Ku Tete ndi ku Moatize, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa 40, firiji ya N izingolira usana ndi usiku, mayunitsi a magetsi a Credelec n'kumatha madzi osazizira. Kumeneko funani T. Kumapiri a Angónia vuto ndi lina: N, ST ndi T zimayambira pa madigiri 16, pomwe mu Juni ndi Julayi khitchini imazizira kuposa pamenepo. Yolembedwa SN-T imagwira kuyambira 10 mpaka 43, ndiye ngati mumasamukasamuka pakati pa chigwa cha Zambezi ndi kumtunda, imeneyo ndiyo yanu. Amene mumakonda kukagula ku Dedza kapena ku Lilongwe podutsa pamalire pa Calomue, dziwani kuti mphamvu ya magetsi ikufanana koma pulagi ya ku Malawi ndi ya mano atatu a makona, pomwe masoketi athu a ku Mozambique ndi a mabowo ozungulira. Ganizaninso za galanti: firiji ikafa, mudzaolokanso nayo malire?

Musanalipire, gwirizanani kuti atembenuze ndani. Nzeru yabwino ndi yoti a sitolo achite okha inu mukuona, firiji isanakwere galimoto, ndipo alembe pa lisiti. Makampani ena amakana galanti ngati chitseko chinaonongeka m'manja mwa munthu wamba. Kuchoka ku Tete kudzera pa Mussacama kukafika ku Ulongwe ndi makilomita opitirira 200, si mtunda wobwererapo chifukwa cha sikuluwu imodzi.

Ponyamula, firiji iime chilili, yomangidwa ndi zingwe. Ikagona, oyilo wa mu kompuresa amalowa m'mapaipi. Mukafika isiyeni maola angapo musanayatse, ndipo ngati inagonekedwa panjira, igone osayatsa mpaka mawa lake.

Tsono ngati mwasankha kutembenuza nokha, itanani mnzanu woti azigwira, chifukwa chitseko chikachoka pahinjesi chimagwa mosachenjeza. Zulani pulagi, chotsani mashelefu a pachitseko, konzani sikuludiraiva, sipanala yaing'ono ndi mbale yoponyamo masikuluwu. Jambulani hinjesi iliyonse pafoni musanaimasule. Kumasula kumayambira pamwamba: chotsani chivindikiro, masulani hinjesi ya pamwamba, nyamulani chitseko n'kuchigoneka pa bulangete. Kenako hinjesi ya pakati, chitseko chachiwiri n'kutsatira. Ya pansi imafuna kuti mnzanu apendeketse firiji pang'ono chakumbuyo, ndipo nthawi zambiri kamwendo ka mbali inayo kamasinthana malo ndi hinjesi. Kachitsulo kozungulirapo chitseko muzakamasule n'kukamanga pabowo linalo monga kabuku kakusonyezera. Timawashala tapulasitiki musatitaye, ndi tomwe timakweza chitseko kuti chisakhule pansi. Tizivindikiro tija titsekeni m'mabowo akale. Pomanga mumayambira pansi kukwera, ndipo masikuluwu musawalimbitse mpaka zitseko zonse ziwiri zitawongoka. Osayerekeza kuboola bowo latsopano ndi dirilo: m'makoma a firiji mumadutsa mapaipi, ndipo gasi wa R600a yemwe ali m'mafiriji ambiri a masiku ano amayaka.

Mukamaliza, yesani labala wa m'mphepete mwa chitseko. Panani pepala pachitseko n'kulikoka. Likamakana pang'ono, labala wagwira. Likangosololoka, pamenepo mpweya wozizira uzithawira. Yesani pamwamba, pansi ndi m'mbali zonse, makamaka mbali yomwe kale kunali mahinjesi, chifukwa labala wa kumeneko amakhala ataphwatalala. Viikani nsalu m'madzi ofunda, mupukute nayo labalayo kwinaku mukumukoka pang'onopang'ono ndi zala, kenako mutseke chitseko chikhale chotseka kwa kanthawi. Pomaliza potokolani timiyendo takutsogolo kuti firiji ipendekere kumbuyo pang'ono chabe, kuti mwana akasiya chitseko chosatseka bwino chizibwerera chokha.