Laisensi ya njinga yamoto ku Joni, musathamangire A1

Abale amene muli ku Joni kuno ndipo mukufuna laisensi ya njinga yamoto, makamaka inu oyenda ndi ma delivery, tsiku la test musapite ndi ka 125cc. Mukakhoza pa kanjinga kameneko amakupatsani A1 basi, laisensi ya njinga zosapitirira 125cc, ndiye tsiku lomwe mudzafune njinga yaikulu mudzabwereranso pa mzere kukalipira kachiwiri. Ngati mwakwana zaka 18 bwerekani kapena chitani hayala njinga yopitirira 125cc, olo 250 yomwe, mukakhoza ndi Code A imeneyo, yaing'ono ndi yaikulu yomwe mukwera.

Koma musanabuke learner's (laisensi yophunzirira) yambani mwatenga Traffic Register Number, nambala yomwe amapatsa anthu opanda ID ya kuno, ku ofesi ya traffic, ife obwera popanda pepala limeneli amatibweza pa windo pomwepo. Tengani pasipoti, zithunzi ndi chikalata chosonyeza komwe mukukhala.

Test ya njinga imachitikira mu yard, sapita nanu pamsewu ayi. Ine chomwe chinandivuta ndi kunyamuka pa kamtunda, njinga ikangobwerera m'mbuyo mwalephera, ndiye pondani buleki ya kumbuyo mpaka kilatchi itagwira. Ndipo kucheuka kuzioneka, mutu uzitembenuka ndithu, osangoponya diso pa galasi.