Kasungidwe ka nthabwala za agogo amene anatisiya

Nthabwala za agogo zimaiwalika msanga chifukwa aliyense amakumbukira kachidutswa kake kokha. Nthawi yabwino yozisonkhanitsa ndi pamene abale akumana pa mwambo wa chiliza, osati pa maliro penipeni mitima ikadali yowawa. Yambani mwawauza amalume kapena eni mbumba, kuti wina asadabwe poona foni ikujambula.

Madzulo anthu atadya, khazikani atatu kapena anayi pakhonde: azakhali, anzawo a kumpingo, ndi zidzukulu zimene agogo ankazitcha "mwamuna wanga" kapena "mkazi mnzanga". Zidzukuluzi ndizo zimadziwa zambiri, poti agogo ankamasuka nazo kuposa ana awo.

Foni muiike pampando, masentimita ngati 30 kuchokera kwa wolankhula, ndipo mutseke netiweki chifukwa wina akaimba kujambula kumatha kuduka. Pewani pamphepo, mawu samveka.

Musafunse kuti "agogo anali otani?" Yankho lake limangokhala "anali oseketsa" basi. Funsani kuti ankati chiyani mlendo akafika nsima ili pamoto, kapena ndiwo zikapserera, kapena mkamwini akachedwa kudzuka. Wofotokoza awatsanzire mawu ndi kayendedwe komwe, ndipo akayamba kuseka musamudule, chifukwa apo m'pamene ena amakumbukira zina.

Nthabwala yonyoza munthu wamoyo muisiye, pokhapokha mwiniwake avomere. Zojambulazo zisangokhala pa WhatsApp, foni imatayika. Zikopereni pa memori khadi, ndipo mawu enieni a agogo muwalembe m'kope pamodzi ndi tsiku ndi dzina la wofotokoza.