Momwe mungapezere chilolezo cha ma extension a browser pa ntchito yoyesa mapulogalamu

Ngati mumayesa mapulogalamu pa kampani kuno ku Mzuzu, mwina munakumanapo nazo: mwalowa mu Chrome Web Store, extension (kachida kowonjezera pa browser) yomwe mukuifuna mwaipeza, koma batani loyikira silikugwira ndipo palembedwa kuti oyang'anira atseka. Ambiri a ife tili m'nthambi. Anthu a IT amene ali ndi makiyi ali ku likulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo chomwe chimawafika ndi pempho lanu lolemba basi. Pempholo likakhala loperewera, mudikira masabata.

Yambani ndi kuona lamulo lomwe lakutsekani. Lembani chrome://policy pa malo olembera adiresi. Pa Edge ndi edge://policy, pa Firefox ndi about:policies. Mukaona ExtensionInstallBlocklist ili ndi kanyenyezi, ndiye kuti kampani inatseka zonse, kenaka n'kumatsegula chimodzichimodzi kudzera mu ExtensionInstallAllowlist kapena ExtensionSettings. Yang'anani zomwe zinavomerezedwa kale. Nthawi zina chida chofanana ndi chomwe mukufuna chili kale pa mndandandawo. Makampani ena anatsegula batani la Request mu Web Store momwemo, ndipo ngati lilipo, njira yake ndi imeneyo.

Kenaka dzifunseni ngati extension ikufunikadi. Chrome DevTools, zida zomwe zimabwera ndi Chrome yomweyo, ili kale ndi Lighthouse yoyeza liwiro ndi ubwino wa tsamba, ili ndi Recorder yojambula masitepe omwe mwadutsa, ndipo imatha kuchepetsa liwiro la intaneti kuti muone momwe tsamba lingatsegukire kwa kasitomala wa ku Ekwendeni amene netiweki yake ikuvuta. Zonsezi sizifuna chilolezo chatsopano. Pemphani zokhazo zomwe zatsala, monga React Developer Tools ya Meta yofufuzira masamba opangidwa ndi React, kapena axe DevTools ya Deque yoona ngati tsamba n'losavuta kwa anthu olumala.

Musanalembe kanthu, mvetsani chomwe a chitetezo akuopa, chifukwa si kuuma mtima. Extension yomwe yapatsidwa mphamvu yowerenga ndi kusintha zonse pa mawebusaiti onse imaona chilichonse chomwe inu mukuona, kuphatikizapo ma cookie omwe amakusungani muli olowa mu akaunti. Choopsa kwambiri n'chakuti imadzisintha yokha. Ya lero ingakhale yabwino, ya mawa n'kukhala ya munthu wina. Extension yotchedwa The Great Suspender inagulitsidwa mu 2020, mwini watsopano anaikamo zoipa, ndipo Google inaichotsa mu February 2021. Pa Khirisimasi ya 2024, achiwembu ananyenga wantchito wa kampani ya chitetezo ya Cyberhaven ndi imelo yabodza, n'kutulutsa extension ya kampaniyo ili ndi khodi yoba ma cookie. Onjezanipo kuti kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, lomwe MACRA imayang'anira. Mayina ndi manambala a makasitomala akatuluka kudzera pa kompyuta yanu, kampani ikhoza kuyankha mlandu. Ndikuganiza kuti woyesa mapulogalamu aliyense ayenera kukhala woyamba kumvetsa zimenezi, popeza kufufuza zomwe zingalakwike ndi ntchito yathu.

Tsopano sonkhanitsani zomwe iwo akanafufuza okha. Lembani dzina la extension, ulalo wake wa ku Web Store, ndi ID yake, yomwe ndi zilembo 32 zoyambira pa a mpaka p zili kumapeto kwa ulalowo. ID imeneyi ndi yomwe amaika mu lamulo, ndipo imathandiza kuti asavomereze chida chabodza cha dzina lofanana. Lembaninso amene anaipanga, tsiku lomwe inasinthidwa komaliza, ngati khodi yake ili poyera pa GitHub, ndiponso ngati imatumiza uthenga ku ma seva a kunja. Onetsetsani kuti ili pa Manifest V3, dongosolo latsopano lopangira ma extension, poti Google inayamba kuzimitsa za Manifest V2 mu 2024. Pomaliza ndandalikani zilolezo zonse zomwe imapempha, chilichonse ndi chifukwa chake. Musabise chomwe chikuoneka choopsa. Achipeza ndithu, ndipo akachipeza okha sadzakhulupirira zina zonse zomwe mwalemba.

Apa ndi pomwe mapempho ambiri amagwera kapena kupambanira: chepetsani zomwe mukupempha. Kunena kuti mukufuna extension pa ntchito sikukwanira. Nenani kuti anthu atatu a gulu loyesa akuifuna, pa webusaiti yoyeserera yokha, kwa miyezi iwiri, ndipo uthenga womwe uli mmenemo ndi wongopeka, si wa makasitomala enieni. Auzeni kuti mu ExtensionSettings angagwiritse ntchito runtime_blocked_hosts kutsekera extension kumasamba onse, n'kutsegula adiresi yoyeserera yokha ndi runtime_allowed_hosts. Potero sidzakhudza imelo ya kampani kapena sisitimu ya malipiro. Ngati n'kotheka dziperekeni kugwiritsa ntchito profile yapadera ya Chrome kapena kompyuta yoyeserera yomwe simulowerapo mu akaunti zenizeni. Wa chitetezo akaona kuti mwamuchepetsera chiopsezo, zimamuphwekera kuvomera.

Tumizani pempholo kudzera m'njira yovomerezeka, kaya ndi tikiti kapena fomu, ndipo abwana anu alembepo mawu awo. Uthenga wa pa WhatsApp kwa mnzanu wa ku IT susiya umboni. Lembani tsiku lomwe ntchito yoyesa ikuyamba kuti adziwe changu chake, ndipo pakatha masiku angapo imbani foni mwaulemu, mutchule nambala ya tikiti.

Podikira, musazembe. Kutsitsa fayilo n'kuilowetsa kudzera mu Developer mode, kapena kusamutsira uthenga wa makasitomala pa laputopu yanu ya kunyumba, kungakuchotsetseni ntchito ndipo kudzatsekera anzanu onse khomo.

Akakana, funsani kuti ndi chilolezo chiti chawaopsa. Kawirikawiri pamakhala chida china chopempha zochepa. Mungapemphenso kuti ntchitoyo ichitikire pa makina apadera ndi Playwright, chida cha Microsoft choyendetsa browser poyesa, kapena Chrome for Testing, yomwe Google inatulutsa mu 2023 ndipo sidzisintha yokha.

Akavomera, bwererani ku chrome://policy, dinani Reload policies, muone ngati ID yanu yaoneka, kenaka ikani. Nthawi yomwe munapempha ikatha, lembani nokha kuti aichotse, kapena pemphaninso ngati ntchito ikadalipo. Mukamva kuti extension yasintha mwini kapena yayamba kupempha zilolezo zatsopano, izimitseni tsiku lomwelo ndipo auzeni a IT.