Musanasiye chisanu cha ku UK n'kudzakhala kunyanja ku Salima

Ukangofika mwezi wa Disembala, foni yanga sikhala chete. Anzanga amene ndinkagwira nawo ntchito yosamalira okalamba ku Leeds amakhala atatopa ndi chisanu, mdima wogwa 4 koloko masana ndi lendi yodya theka la malipiro, ndiye funso lawo limakhala limodzi: "Achemwali, tikabwera ku Senga Bay kuja, zimakhala bwanji?" Onse ndimawayankha chimodzimodzi. Bwerani ndithu, kuno n'kwabwino, koma chaka choyamba muchite lendi. Musagule malo, musakumbe maziko, mpaka Okutobala ndi dzinja zitakupezani kuno.

Chifukwa choyamba ndi kutentha kumene mukukufunako. Ambiri mumabwera kutchuthi mu Julayi kapena Ogasiti, nthawi imene mwera ukuwomba, usiku n'kumafunda bulangete lopyapyala. Salima weniweni mudzamuona kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka mvula itagwa. Masana kutentha kumapitirira madigiri 35, mchenga sungaupondere wopanda nsapato, ndipo usiku malata amabweza kutentha konse kumene anamwa masana. Ndiye mukamayendera nyumba ya lendi, musatengeke ndi matailosi. Yang'anani kumwamba ngati kuli siling'i. Onani ngati mawindo ali moyang'anizana kuti mphepo ya kunyanja izilowa uku n'kutulukira uko, ngati khonde ndi lalikulu, ngati kumadzulo kuli mtengo wa mango wotchinga dzuwa la masana. Ndaona nyumba zokongola zomangidwa potengera za ku Ulaya, magalasi akuluakulu khoma lonse, eni ake akugona pakhonde mu Novembala chifukwa m'katimo muli ngati mu uvuni wa njerwa.

Dzinja nalo limaulula zake. Malo ooneka bwino m'chilimwe amatha kukhala dambo mu Febuluwale, msewu wopita kumeneko galimoto yaing'ono osadutsa. Nyanjanso siikhala pamodzi. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo amene anamangidwa pafupi ndi gombe. Funsani asodzi achikulire kuti madzi anafikapo pati. Iwo amakulozerani mtengo weniweni.

Za malungo ndimalankhula mosanyengerera. Thupi lanu linaiwala. Chitetezo chija munali nacho muli mwana kumudzi chimatha munthu akakhala zaka kumene kulibe malungo, ndipo ana anu obadwira kunja sanakhalepo nacho n'komwe. Gonani mu neti usiku uliwonse, ikani mawaya otchinga udzudzu m'mawindo, ndipo mutu ukangoyamba kuwawa thupi likutentha, kayezetseni magazi tsiku lomwelo. Osadikira mawa pomwa panado. Akapeza malungo, mankhwala a LA mumalize onse ngakhale mutamva bwino tsiku lachiwiri. Kusamba m'nyanja palibe angakuletseni, inenso ndimasamba, koma m'malo a bango ndi madzi odikha mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, choncho muzikayezetsa nthawi ndi nthawi. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti ukasamuka ku UK, ufulu wothandizidwa ulere m'zipatala za boma za NHS monga wokhala m'dzikomo umatha. Kuno tili ndi chipatala cha boma cha Salima ndi zipatala zing'onozing'ono, koma matenda aakulu amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kuwonjezerapo ena 20 ngati mukuchokera ku Senga Bay. Ngati muli ndi shuga kapena BP, dokotala wanu akulembereni kalata yokhala ndi mayina enieni a mankhwala, osati mayina a kampani okha, ndipo mubwere ndi okwanira miyezi ingapo. Za inshuwalansi ya chipatala monga MASM mufunse musananyamuke, makamaka za msinkhu wanu ndi matenda amene muli nawo kale.

Tsopano za ndalama. N'zoona, kuno zinthu zina n'zotchipa moti mumtima mumapepuka. Usipa ndi utaka wongotsika kumene m'bwato pa doko la Nguwo, mpunga wa ku Lifuwu, tomato, bonongwe, mango odzaza ndowa mu Disembala, kabaza wokufikitsani pa Kamuzu Road, zonsezi poyerekeza ndi mitengo ya ku Leeds sizipweteka thumba. Koma chilichonse chochokera kunja n'chodula: mafuta a galimoto, masipeyala, zipangizo zomangira, mankhwala, zakudya za m'mashopu akuluakulu zimene ana anu anazolowera. Amene adzadya nsima ya ndiwo za pamsika adzaona kutchipa. Amene akufuna kukhala moyo wa ku Leeds m'mbali mwa nyanja adzaona ndalama zikuyoyoka.

Kwacha nayo musaidalire posunga chuma chanu chonse. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anasintha mapaundi awo onse nthawi imodzi n'kuwaika kubanki anadzuka m'mawa ndalama yawo itachepa mphamvu. Muzisintha pang'onopang'ono, za miyezi iwiri kapena itatu basi. Akaunti ya ku UK musaitseke, ndipo nambala ya foni ya kumeneko muisunge yamoyo chifukwa ndi imene banki imatumizirako manambala achinsinsi. Ngati mudzalandira penshoni ya boma la UK, dziwani kuti mukakhala ku Malawi siikwera chaka ndi chaka monga imachitira kwa okhala konko. Imaima pomwe inayambira. Muwerengere zimenezo pokonza bajeti ya zaka khumi zikubwerazi.

Mapepala muwakonze muli konko. Amene muli ndi chilolezo chokhala ku UK mpaka kalekale, chija amati ILR, chimafa mukakhala kunja zaka zoposa 2 motsatizana. Ngati mukuyenera kutenga unzika, tengani kaye musanasamuke, pakuti Nyumba ya Malamulo ya kuno inavomereza unzika wa maiko awiri mu Disembala 2018, ndipo za kalembetsedwe kake mukafunse ku ofesi ya Immigration. Mukafika, chiphaso cha unzika cha ku NRB ndiye poyambira. Popanda icho, kulembetsa simu, kutsegula akaunti ngakhale nkhani za malo zimakuvutani. Mpamba kapena Airtel Money mudzaizolowera sabata yoyamba yomwe, chifukwa mayunitsi a magetsi ndi malipiro a mlonda zimadutsa pafoni.

Pa nkhani ya malo m'pamene ndaona anthu akulira misozi yeniyeni. Mayi wina woyandikana nane anatumiza ndalama kwa zaka ali kunja, akumulandiritsa zithunzi za nyumba ikukwera, koma atafika anapeza maziko okha atamera udzu. Zithunzi zinali za nyumba ya munthu wina. Winanso anagula malo kwa mwana mmodzi wa banja, akuyamba kuumba njerwa kunatulukira amalume ndi alongo ake kunena kuti malowo ndi a mbumba yonse. Malo ambiri kuno ndi a makolo, ali m'manja mwa mabanja ndi mafumu, ndipo kapepala kolembedwa pamanja kosainidwa ndi wogulitsa yekha sikakutetezani. Pitani nokha. Mukaonekere kwa nyakwawa, mufunse oyandikana nawo mbali zonse zinayi, abale a wogulitsa akhalepo poyenda m'malire, kenako mupite ku ofesi ya za malo ku khonsolo kuti zilembedwe mwalamulo. Ku Senga Bay ndi dera la Mfumu Yaikulu Maganga, ndipo nkhani ikadutsa m'njira yake simudzasowa mboni. Ngati amuna anu kapena akazi anu si nzika ya Malawi, dziwani kuti malamulo a malo anasinthidwa mu 2022 n'kukhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu akunja, choncho muonane ndi loya musanalembe dzina la aliyense. Pomanga, simenti muzigula nokha, mmisiri muzimulipira gawo likatha, inu muli pomwepo.

Magetsi amazima, musadabwe. Pa Nanjoka pali malo aakulu opangira magetsi a dzuwa, a mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse, sabwera kunyumba kwanu kokha. Sola yanu, batire ndi inivetala yokwanira fani, firiji ndi nyale ndi zinthu zoyamba kugula, makamaka kwa amene amasunga insulin. Thanki ya madzi nayo ikhalepo. Chosangalatsa n'chakuti mapulagi a kuno ndi ofanana ndi a ku UK, ketulo ndi ayironi zanu zidzangolowa. Za kontena, kaya idutsa ku Beira kapena ku Dar es Salaam, yambani mwafunsa a bungwe lotolera misonkho la MRA za ndondomeko ya anthu obwerera kwawo musanapakire kanthu. Majasi ndi makapeti asiyeni konko. Mabuku ndi zikalata musaziike pansi m'makatoni, chiswe cha kuno chimagwira ntchito usiku umodzi.

Chotsala ndi anthu, ndipo ichi sichigulidwa ndi mapaundi. Mudzatchedwa "a ku UK" kwa nthawi ndithu, ndipo pakhomo padzafika ambiri: wa fizi, wa feteleza, wa mwana wodwala. Ambiri mwa iwo mavuto awo ndi enieni, ine zimandikhudza, koma simungathe onse. Khalani pansi ndi banja lanu, mugwirizane ndalama ya mwezi yothandizira abale, ndipo ikatha muzinena poyera mwaulemu kuti mwezi uno yatha. Kubwereketsa ndimakuletsani, perekani zimene mungathe kuziiwala. Maliro akachitika m'mudzi, tsekani geti mupite, amayi mutavala chitenje mukakhale kusiwa ndi anzanu, chipepeso chili m'manja. Kuno timakhala Akhristu ndi Asilamu pamodzi, Achewa ndi Ayao, ndiye Lachisanu masana mmisiri wanu akapempha kupita kumzikiti, mumulole. Ana obadwira kunja muwayambitse Chichewa muli konko, ngakhale moni ndi kuthokoza kokha, ndipo sukulu yawo muipeze musanasankhe nyumba, chifukwa mabanja ena amakakamizika kukhala ku Lilongwe m'kati mwa sabata n'kumabwera kunyanja Loweruka lokha.