Kuluka kandulo ya Havdalah ndi achinyamata achiyuda

Pa maphunziro ochita kusankha pasukulu ya sunagoge, phunziro loluka kandulo ili limatheka mu ola limodzi. Havdalah ndi mwambo wotsekera Sabata Loweruka kukada, ndipo kandulo yake imafunika zingwe ziwiri kapena kuposa kuti iyake ngati muuni.

Wophunzira aliyense mumpatse makandulo atatu owonda a phula la njuchi. Awaviike m'madzi a madigiri pafupifupi 45 mpaka afewe. Madziwo asatenthe kwambiri, poti phulali limasungunuka likafika madigiri 62, mungatsale ndi zingwe zokhazokha. Aluke msangamsanga. Makandulowo akayamba kung'aluka ndiye kuti azizira, abwerere m'madzi. Pamwamba afinyire zingwe pamodzi kuti malawi akumane, kenako aziyanike tsiku lathunthu, chifukwa chingwe chonyowa chimangothetheka osayaka.