Momwe mungalumikizire makamera, alamu ndi zitseko za pakampani kuti zizigwira ntchito pamodzi

M'makampani ambiri zida zachitetezo zinagulidwa pa nthawi zosiyanasiyana: makamera anaikidwa chaka china, alamu inabwera akuba atathyola kale, ndipo makina otsegulira zitseko ndi makadi anaikidwa ndi katswiri wina amene sanafunse n'komwe za zinazo. Choncho chitseko chakumbuyo chikatsegulidwa usiku, mlonda amamva alamu, amathamangira pa kompyuta ina kukafufuza zithunzi, pamene dzina la mwini khadi lili mu pulogalamu yachitatu. Cholinga cholumikiza zidazi n'chakuti chochitika chilichonse chizioneka pamalo amodzi, pamodzi ndi nthawi yake, chithunzi chake ndi dzina la wochichita.

Musanagule chilichonse, lembani zida zonse zimene muli nazo kale, kampani imene inazipanga, nambala ya mtundu wake ndiponso munthu amene amasunga pasiwedi yake. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma ndi imene imaulula kamera yomwe inafa kalekale popanda wodziwa.

Mukatero, onani ngati zidazo zingamvane. Mu 2008 makampani a Axis, Bosch ndi Sony anayambitsa bungwe la ONVIF kuti zida zopangidwa ndi makampani osiyana zizitha kutumizirana uthenga. Malamulo ake anagawidwa m'magulu: Profile S ndi Profile T ndi za kutumiza zithunzi, Profile G ndi ya kusunga zojambulidwa, pamene Profile A ndi Profile C ndi za zitseko. Musakhulupirire zolembedwa pa katoni zokha, chifukwa bungweli lili ndi mndandanda wa zida zovomerezeka pa tsamba lake la pa intaneti. Makamera akale osalowa pa netiweki safunika kutayidwa onse, popeza kachipangizo kotchedwa encoder kamasintha zithunzi zake kuti zidutse pa netiweki. Koma makina owerenga makadi amene amagwiritsa ntchito njira yakale ya Wiegand ndi bwino kuwasintha pang'onopang'ono, chifukwa njirayi siibisa uthenga wodutsa m'waya, pamene njira yatsopano ya OSDP imatha kuubisa komanso imadziwitsa waya akadulidwa. Mukadziwa zimenezi mpamene mungasankhe pulogalamu imodzi yoyendetsera zonse, ndipo wogulitsayo akuonetseni ikugwira ntchito ndi zida zanu zenizeni, osati zachitsanzo za mu ofesi mwake.

Chotsatira ndi netiweki. Zida zachitetezo zikhale pa chigawo chawochawo, chimene akatswiri amachitcha VLAN, kuti kompyuta ya wantchito ikalowedwa ndi vairasi vutolo lisafike ku makamera ndi zitseko. Makamera ambiri amalandira magetsi kudzera m'waya womwewo wa netiweki, njira yotchedwa PoE, koma waya mmodzi asapitirire mamita 100, ndipo dziwani kuti pa miyezo ya PoE, 802.3af umapereka mawati 15.4 okha pamene 802.3at umafika pa 30, yomwe makamera ozungulira nthawi zambiri amafuna. Sinthani mapasiwedi onse obwera ndi zidazo. Mu 2016 vairasi ya Mirai inalanda makamera ndi zida zina zankhaninkhani pongoyesa mapasiwedi a kufakitale, ndipo zidazo zinagwiritsidwa ntchito posokoneza kampani ya Dyn, yomwe inkathandiza makompyuta kupeza masamba a pa intaneti, mpaka anthu ambiri analephera kutsegula Twitter ndi Netflix. Werengeraninso malo osungira zithunzi: kamera yotumiza ma megabit 4 pa sekondi imadzaza pafupifupi ma gigabyte 43 patsiku, kutanthauza kuti makamera 16 amafuna ma terabyte pafupifupi 21 kuti musunge zithunzi za masiku 30.

Pali chinthu china chooneka chaching'ono chimene ine ndimachiona kuti ndi chofunika kuposa mtengo wa pulogalamu: wotchi. Ngati makina a zitseko akunena kuti khadi linagwiritsidwa ntchito 2:14 usiku koma wotchi ya kamera yatsalira ndi mphindi zisanu, pulogalamu idzakuonetsani chithunzi cha khonde lopanda munthu, kapena choipa kwambiri, cha munthu wosalakwa. Zida zonse zizitenga nthawi pa seva (kompyuta yaikulu yotumikira zida zina) imodzi kudzera mu NTP, njira yofananitsira mawotchi pa netiweki. Chimodzimodzinso ndi mayina a antchito: pakhale mndandanda umodzi, kuti munthu akasiya ntchito khadi lake, nambala yake yozimitsira alamu ndi mwayi wake woona zithunzi zithe nthawi imodzi.

Tsopano ikani malamulo olumikiza zochitika, koma akhale ochepa poyamba. Chitseko chikatsegulidwa mokakamiza, kamera yoyang'ana pamenepo iwonekere yokha pa sikirini ya mlonda. Alamu ikazimitsidwa kunja kwa nthawi ya ntchito, uthenga upite pa foni ya bwana. Malamulo akachuluka, machenjezo amalira tsiku lonse mpaka alonda amasiya kuwalabadira. Alamu ya moto yokha isadalire pulogalamuyi. Izitumiza uthenga wake kumeneko, koma ikhale ndi mawaya ndi mabatire akeake, ndipo ikalira zitseko zothawira zizimasuka ngakhale seva itazima, mogwirizana ndi malamulo a zozimitsa moto a dziko lanu.

Posamuka, musazimitse njira yakale tsiku limodzi. Yambani ndi chitseko chimodzi ndi makamera ake, ziyende sabata imodzi kapena ziwiri, kenako onjezani zina. Musanasaine kuti ntchito yatha, zimitsani dala magetsi kuti muone kuti UPS (batire lothandiza magetsi akazima) ikusunga seva ndi switch (kachipangizo kolumikiza mawaya a netiweki) kwa nthawi yaitali bwanji, chotsani waya wa intaneti kuti mutsimikize kuti makadi akutsegulabe zitseko, ndipo uzani mlonda wa usiku, osati katswiri, kuti apeze yekha chithunzi cha munthu amene analowa dzulo madzulo.